Bambo ake akuti sadzakumbuka, ndiye tipite naye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina. Mwachidule akuti: "Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 2 ndi miyezi 3. Mwezi wamawa tikukacheza kwa achemwali anga, ndipo mumzinda umene amakhala muli myuziyamu ya sayansi, ija yoti ana amaloledwa kugwiragwira zinthu. Ine ndikufuna tikalowe, koma bambo ake akuti n'kutaya ndalama chifukwa mwanayo sadzakumbuka kalikonse. Kodi akunena zoona? Nanga tikapita, ndikachite naye zotani?"

Mayi, bambo akewo sakunama. Sadzakumbukadi. Akuluakulu ambirife zimene zinatichitikira tisanakwanitse zaka 3 zinafufutika m'mutu. Koma tikatengera zimenezo, ndiye tisiyenso kumuimbira nyimbo ndi kumuyankhulitsa, poti nazonso sadzakumbuka tsiku lake. Palibe amene amakumbuka tsiku limene anazindikira kuti madzi amatsikira kumunsi, koma tonse timadziwa. Ndiye pitani. Kungoti mukakalowa pakhomo paja, mtsogoleri ndi iyeyo, inu ndinu wonyamula chikwama.

Ine zimenezi ndinazidziwa nditapsa kale. Mnyamata wanga ali ndi zaka 2 tinapita kumyuziyamu ina yotere, ine mapu ali m'manja, nditakonza zoti tizungulira nyumba yonse kuti ndalama ya tikiti isapite pachabe. Pafupi ndi khomo panali kathabwa kotsetsereka ndi timipira tamtengo. Mwana anaika kampira pamwamba, kanagubuduka, kanagwera m'bokosi kuti pho! Anathamanga, kukatola, kuikanso. Mphindi khumi zitatha ndinayamba kuyang'ana wotchi. Zitakwana 20 ndinangomunyamula, chifukwa kuchipinda china kunkayamba chionetsero cha magetsi, cha makina a Van de Graaff aja amaimitsa tsitsi la munthu n'kumathetheka ngati mphenzi. Kuthetheka koyamba, mwana anakuwa ngati walumidwa ndi mavu. Tinatuluka anthu onse akutiyang'ana, ndipo kuyambira pamenepo anakana chilichonse mpaka tulo tinamutenga. Ine sindinaone kanthu, iye ndinamulanda kampira kake.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pakathabwa paja mwanayo anali pantchito. Mu 2015, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, Aimee Stahl ndi Lisa Feigenson, anafalitsa zimene anapeza pa makanda a miyezi 11. Ankawaonetsa zinthu zooneka ngati zosatheka: chidole chikudutsa pakhoma ngati palibe khoma, kapena chikulendewera m'malere popanda chochigwira. Akawapatsa chidolecho, amene anachiona chikudutsa pakhoma ankachimenyetsamenyetsa, ngati akufuna kudziwa ngati ndi cholimbadi. Amene anachiona chili m'malere ankachigwetsa pansi. Taganizani, mwana wosadziwa n'kuyankhula komwe akusankha mayeso ogwirizana ndi chimene chamudabwitsa! Supuni ija amaigwetsa kakhumi pa nthawi ya chakudya, inu mukuwerama mpaka msana kuwawa, ndi nkhani yomweyi. Kubwereza kumene kumatitopetsa ifeko ndiye kuphunzira kwakeko.

Nyumba zimenezi zinayambika ndi maganizo ofanana nawo. Michael Spock atayamba kuyendetsa myuziyamu ya ana ya ku Boston mu 1962, anachotsa zikwangwani zoletsa kugwira zinthu. Mu 1969 Frank Oppenheimer, katswiri wa fizikisi, anatsegula Exploratorium ku San Francisco, malo oti munthu aziphunzira pokankha, kukoka ndi kupukusa ndi manja ake. Komabe ndikuchenjezeni: zinthu zambiri m'nyumba zotere anazikonzera ana a sukulu. Matebulo ndi aatali, mabatani ali patali, ndipo pamafunika kuwerenga. Choncho mukangofika funsani ogwira ntchito komwe kuli chigawo cha ana aang'ono. Malo ambiri ali nacho. Science Museum ya ku London, mwachitsanzo, ili ndi chipinda chotchedwa The Garden chimene anakonzera ana a zaka 3 mpaka 6, ndipo muli posewerera madzi.

Madzi ndi amene ndikukhulupirira kuti akakugwirani nthawi yaitali. Kutunga, kukhuthula, kutseka ngalande ndi kadzanja n'kuona madzi akufuna njira ina. Pambuyo pa madzi pamabwera mipira, magalasi odziyang'anira, zithunzithunzi za pakhoma, thovu la sopo, ndi chipangizo china chimene chimapezeka pafupifupi paliponse: paipi youzira mphepo m'mwamba, mpira n'kumavina pamwamba pake osagwa. Mphepoyo imaukankha kuchokera pansi, ndipo ukati upatukire kumbali, mphepo yothamanga imene ikuuzungulira imaubwezera pakati. Zimenezi ndauza inu, osati iye. Iye musamulalikire. Mpatseni mawu ochepa ogwirizana ndi zimene maso ake akuona: "wagwa", "wamira", "wayandama", "wabweranso". Kenako mutole chinthu china n'kufunsa kuti, "Nanga ichi?" Akachikana, chisiyeni. Ndipo akagwiritsa ntchito chipangizo mosiyana ndi zimene zalembedwa pachikwangwani, malinga sakuwononga kapena kupweteka mnzake, musamukonze.

Za nthawi sindichulutsa. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo palibe chionetsero chimene chingapikisane ndi tulo timeneto. Fikani akungotsegula, atadya, ndipo muyembekezere ola limodzi kapena awiri basi. Mukaona wayamba kutikita m'maso, kuponya zinthu mwaukali, kapena kukukakamirani pamwendo, nyamukani asanayambe kudzigubuduza pansi. Zipinda zamdima zoonetsa nyenyezi ndi zionetsero zaphokoso zidikire chaka china. Tengani zovala zosinthira, zake ndi bulauzi yanu yomwe, chifukwa ngakhale atamuveka chotchinga madzi, manja a malaya amanyowa ndithu. Funsaninso za tikiti musanalipire, malo ena ana aang'ono chonchi salipiritsa.

Pali ziwiri zokha zimene sindichita nazo nthabwala. Choyamba ndi tizinthu ting'onoting'ono. Opanga zidole amayesa ndi kachubu kotakata masentimita 3 ndi pang'ono: chilichonse cholowa m'menemo chikhoza kutsamwitsa mwana wosakwana zaka 3. M'zigawo za ana akuluakulu mumakhala mikanda, timabulo ndi timaginito, ndipo timaginitoto ndi toopsa kwambiri, chifukwa mwana akameza tiwiri tikhoza kukokana m'mimba matumbo ali pakati n'kuwaboola. Mukangokayikira kuti wameza, thamangirani kuchipatala ngakhale akuseka. Chachiwiri ndi kusochera. Kamwana kotere kamazimiririka inu mukungoyankha uthenga umodzi pafoni. Mujambuleni m'mawa ndi zovala zimene wavala, muike kapepala ka nambala yanu m'thumba mwake, ndipo ngati muli akuluakulu awiri muzinena mokweza kuti "tsopano ali ndi inu". Ana ambiri amasowa pamene aliyense akuganiza kuti mnzake akuyang'anira.

Bambo akewo musawasiye, apite nawo. Musakangane nawonso za kukumbuka. Ingowaimikani pambali pa madzi, akwinye manja a shati, muwauze kuti aziwerenga kuti mwana wawo wakhuthula kapu kangati.

Ife tinabwererako patapita miyezi ingapo, ine mapu nditawasiya. Mnyamata anathamangira pakathabwa komwe kaja, ine ndinakhala pansi pambali pake. Poyamba zinkaoneka ngati zomwe zija. Kenako ndinaona kuti wasintha: ulendo wina akuyambira kampira pamwamba penipeni, wina pakati, wina akuika tiwiri nthawi imodzi n'kuthamangira kumunsi kukatidikira. Pomaliza anavula nsapato yake n'kuiika pamwamba pa thabwa. Sinagubuduke. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kuikankha ndi chala.