Kamnyamata kotseka makutu m'filimu ya Hitchcock

Bambo wina amene amawerenga zolemba zangazi wanditumizira imelo. Akuti amaonera North by Northwest, filimu ya Alfred Hitchcock ya mu 1959, ndipo pamene mkazi uja akuwombera Cary Grant m'nyumba yodyera, anaona kamnyamata kumbuyo katatseka makutu ndi zala mfuti isanalire. Funso lawo n'lakuti: kodi Hitchcock anachita dala, kapena n'kulakwitsa? Ndipo ngati n'kulakwitsa, amamutamiranji kuti anali katswiri wosaphonya kanthu?

Maso anu sanakunamizeni, bambo. Kamnyamatako kalipodi, ndipo n'kulakwitsa kwenikweni, osati nzeru zobisika ayi.

Kwa amene sanaione filimuyi, nkhani ili chonchi. Cary Grant akusewera ngati Roger Thornhill, mkulu wa zotsatsa malonda ku New York, yemwe zigawenga zikumusaka pomuyesa George Kaplan. Koma Kaplan kulibe, ndi dzina longopeka la akazitape a boma. Kuthawa kwa Thornhill kukumufikitsa ku Mount Rushmore, ku South Dakota, phiri lija anasemapo nkhope za mapulezidenti anayi a America. Kumeneko, m'nyumba yodyera ya alendo, Eve Kendall, yemwe ndi Eva Marie Saint, akutulutsa kamfuti m'chikwama n'kumuwombera anthu akuona. Zipolopolo zake n'zabodza, zongolira popanda chotuluka, chifukwa zonsezi anapangana n'cholinga choti mkulu wa zigawenga, Vandamm, apitirize kumukhulupirira Eve, amene ndi kazitape wa boma pakati pawo. Ndiye chondiseketsa ine n'chakuti m'chipinda monsemo odziwa kuti mfuti ilira anayenera kukhala atatu okha: Eve, Thornhill ndi mkulu wa akazitape a boma uja amangomutcha Professor. Wachinayi ndi mwanayu.

Anadziwa bwanji? Pojambula filimu, kachigawo kamodzi amakabwereza kambirimbiri. Wina waiwala mawu, bwerezani. Nyale sinawale bwino, bwerezani. Kamera yasunthira mbali ina, yambiraninso. Ndipo chipolopolo chabodza chikalira m'nyumba, phokoso lake si labodza. Anthu akuluakulu odzaza matebulo aja analipidwa kuti azidya, kucheza ndi kudzidzimuka ngati sakudziwa kanthu, ndipo anapirira. Mwana anali ataimva kale mfutiyo, anali ataloweza kuti mayi uja akabwerera m'mbuyo n'kupisa dzanja m'chikwama ndiye kuti zayandikira, basi anateteza makutu ake. Ine sindimuimba mlandu.

Pamalo pojambulira pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kulondera zoterezi. Amalemba kuti kapu inali kudzanja liti, ndudu yapsa kufika pati, chipewa chinali pamutu kapena patebulo, kuti zidutswa zojambulidwa masiku osiyana zikalumikizidwa zisatsutsane. Koma maso ake, a Hitchcock komanso a wolumikiza zidutswa, George Tomasini, anali pa anthu awiri akutsogolowo. Mmene ndikuonera ine, ngakhale akanakaona kamnyamatako, sakanataya chidutswa chimene Grant ndi Saint anachita bwino koposa chifukwa cha zala ziwiri za mwana wa patebulo lakumbuyo.

Apa ndiye pagona yankho la funso lanu lachiwiri. Mu 1959 munthu ankaionera filimu m'holo yamdima, kamodzi, osatha kuimitsa kapena kubwezera m'mbuyo. Hitchcock ankadziwa kumene diso la woonera lipite pa mphindi iliyonse, ndipo ankalikokera komweko. Mkazi akatulutsa mfuti, palibe amene amayang'ana amene akumwa tiyi. Ukatswiri wake unali umenewo, osati kusalakwitsa. Matepi a vidiyo atafika m'nyumba za anthu, kenako ma DVD, lero YouTube pa foni, m'pamene tinayamba kuonera filimu mosiyana ndi mmene anaikonzera. Inu mwina munali mukuionera kachiwiri, mukudziwa kale kuti Thornhill safa, ndiye diso linapeza mpata woyendayenda.

Koma samalani, si chilichonse chooneka chokhota m'filimuyi chimene chili cholakwika. Muionerenso pamene Thornhill ndi Eve akudya m'sitima yochoka ku New York kupita ku Chicago, ndipo muyang'ane milomo ya Eve. Mawu amene timamva ndi akuti iye sakamba za chikondi m'mimba muli njala. Milomo ikunena zina: kuti sachita zachikondi m'mimba muli njala. Oyang'anira za makhalidwe m'mafilimu a ku America nthawi imeneyo anaona kuti mawu oyambawo n'ngolaula, ndiye anamujambulanso mawu okha n'kuwaika pamwamba pa chithunzi chakale. Kusagwirizanako anakudziwa, anangokuvomera.

Zokakamizidwa zinalipo zambiri. A United Nations sanalole kuti ajambule pamalo pawo, moti chithunzi cha Grant akulowa ku likulu lawo anachijambula mobisa, kamera ili m'galimoto tsidya lina la msewu. Boma silinalolenso kuti anthu azithamangitsana pankhope za mapulezidenti, choncho phiri limene Grant ndi Saint akulendewerapo kumapeto analimanga m'situdiyo ya kampani ya mafilimu ya MGM. Nawo munda wa chimanga umene Thornhill akubisalamo ndege ikumuthamangitsa, filimu imati uli ku Indiana, koma anakajambula kufupi ndi Bakersfield ku California.

Ndegeyo ndiye anthu amaidandaula kwambiri, ndipo ali ndi mfundo. Ufuna kupha munthu mmodzi, wamuitanira pamsewu wa kuchipululu komwe kulibe mboni, bwanji osangodutsa pagalimoto n'kumuwombera? Ndege yopopera mankhwala m'minda yalowa bwanji? Zigawenga zanzeru sizingachite zimenezo. Hitchcock ankadziwa. Pocheza ndi François Truffaut, wopanga mafilimu wa ku France, mu 1962 anafotokoza kuti anatopa ndi zimene aliyense ankachita, zoika munthu m'kanjira kamdima usiku, mvula itangogwa kumene. Iye anafuna kuopseza anthu masana dzuwa likuswa mtengo, pamtetete popanda pobisala. Anasinthanitsa nzeru za nkhani ndi mantha a woonera, ndipo ine ndimati anatsatsa bwino.

China chimene ena amachiika pamndandanda wa zolakwika, ngakhale ine ndimangochiseka: Jessie Royce Landis, amene akusewera ngati mayi ake a Thornhill, anabadwa mu 1896, pamene Grant anabadwa mu 1904. Mayi ndi mwana kusiyana zaka zosakwana zisanu ndi zitatu!

Kuti muone mmene mkuluyu ankachitira ndi zolakwika, tengani Psycho, imene inatuluka chaka chotsatira, 1960. Janet Leigh, amene akusewera ngati mkazi wophedwa m'filimuyo, atagwa m'bafa, kamera imayandikira diso lake ali chigonere pansi. Madokotala a maso anamulembera Hitchcock makalata kumuuza kuti kadontho kakuda ka pakati pa diso kamatanuka munthu akafa, pamene ka Leigh kanali kakang'ono ngati ka munthu wamoyo amene nyale ikumuwalira. Anamuuzanso kuti mankhwala odontheza m'maso a belladonna akanathandiza. Icho chinamudutsa, ndipo filimu inali itatuluka kale.

Chimene sichinamudutse ndi ichi. Zithunzi za m'misewu ya Phoenix ku Arizona, zimene zimaoneka Leigh akutuluka mumzindamo ndi ndalama zakuba, zinabwera zili ndi zokongoletsa za Khirisimasi. Nkhani ya filimuyo ilibe chochita ndi Khirisimasi. Kutumanso anthu ku Arizona kukajambula zina kukanadya ndalama, ndipo Psycho ankaipanga ndi ndalama zochepa, zotuluka m'thumba mwake. Ndiye anangolemba tsiku kumayambiriro kwa filimu, kuti nkhani ikuyamba Lachisanu pa 11 Disembala.