Tayala lakumbuyo la m'matope, yankho kwa achimwene a ku Namwera

Sabata yatha kwabwera imelo yochokera kwa achimwene ena a cha ku Namwera. Akuti anagula njinga ya mauntini ya kaunjika, ya magiya bwinobwino, koma dzinja lino mvula ikangogwa tayala lakumbuyo limangopota pamalo amodzi pokwera chitunda, potsika limathawira kumbali. Ndiye akufunsa kuti, kodi ndigule chitayala chonenepa chija?

Achimwene, ayi. Ndalama zanu zisapite pa kunenepa. Ine ndinachitapo zimenezo, ndinaika lonenepa mainchesi 2.5 kumbuyo ndikudzimva kuti ndafikapo, tsiku loyamba lenileni ndalowa tinjira ta kufupi ndi nyanja ya Malombe komwe kuli makande akuda aja, sindinayende patali matope anamata tayala lonse mpaka kudzadza pakati pa tayala ndi fulemu, wilo osazunguliranso. Ndinaisenza paphewa njinga ija a kabaza akundidutsa pa timatayala tawo towonda, wina mpaka kufunsa ngati ndikufuna andikweze.

Choyamba kuyang'ana ndi mano a tayalalo. Pamatope mumafuna mano ataliatali otalikirana, chifukwa tayala likamazungulira matope amagwa okha m'mipatamo ndipo dzino lililonse limalowa pansi kukagwira polimba. Mano ang'onoang'ono othithikana aja ndi a fumbi la mu Okutobala, m'dzinja amadzadza kamodzi n'kusanduka dazi. Komanso poti ndi lakumbuyo, onani mano apakatiwo akhale opingasa, ndi amene amakankha pokwera ndi kugwira mukamanga buleki. Tayala lotchedwa Maxxis Minion DHR II analipangira zimenezi, R ameneyo ambiri amangoti rear, kutanthauza kumbuyo. Matope akakhala a phala enieni pali Maxxis Shorty, mano ake ndi otalikirana kwambiri. Koma tinene zoona, amenewa pa Mangochi boma simuwapeza wamba, n'kutheka mungachite kuitanitsa ku Blantyre kapena kutuma wachibale wa ku Joni, mtengo wakenso ndi wowawa. Kenda kapena CST ya mano otalikirana ikugwirirani ntchito ndithu.

Kukula kwake ine ndimati 2.1 mpaka 2.25 basi pa njinga zakale za kaunjikazi. Mukaika, lowetsani chala pakati pa tayala ndi fulemu mbali zonse, chikakana kulowa ndiye kuti katondo wa kwanuko akumangirani wilo. Ngati mabuleki anu ndi aja ogwira pa limu ndiye nkhani yakula, matope amaunjikana pomwepo.

Musanapite kogula werengani manambala ali m'mbali mwa tayala lakalelo. Saizi za wilo, 26, 27.5 ndi 29, sizilowana. Pena amalemba ngati 54-559, 559 ameneyo ndiye 26, 584 ndi 27.5, 622 ndi 29. Poika onaninso kamuvi kolozera komwe lizizungulira, amakanika ena amangoika mulimonse.

Za mpweya izi anthu amazinyozera koma mwina theka la vuto lanu lili pomwepa. Tinazolowera kupopa mpaka tayala lilire ngati ng'oma chifukwa cha matumba a chimanga ndi makala. M'matope phwetsani pang'ono kuti mano ambiri akhudze pansi. Ngati muli ndi pampu ya geji yambani cha m'ma 30 psi (muyezo wa mpweya pa gejipo) muzitsitsa pang'onopang'ono malinga ndi thupi lanu, koma osapitirira, mukagunda mwala limu imaluma chubu mabowo awiri nthawi imodzi, zigamba zimatha.

Mukagula la kaunjika lipindeni m'mbali muone ngati labala sanang'aluke, ena amaoneka mano atsopano koma anakhalitsa padzuwa.

China choti mudziwiretu, tayala la matope pa tala limalemera ndipo limalira, mano ake amadyeka msanga. Ngati mumatsika Chowe pafupipafupi kubwera kuno ku boma muliona kutha kwake. Ine langa ndimaika Disembala mvula ikakhazikika, cha mu Epulo ndimachotsa n'kulipachika m'nyumba pamthunzi.

Ndipo pokwera paterera musaimirire pa mapedulo achimwene, khalani pa chishalo thupi lipanikize lakumbuyolo, giya yopepuka, kupalasa mofatsa osadzutsa. Yesani kaye zimenezi ndi kuphwetsa kuja pa tayala muli naloli musanatulutse ndalama, mundilembere kuti zayenda bwanji.