Chithokomiro chotsalira kutsinde kwa lilime mwa mwana wakhanda

Mayi, mwalemba kuti madokotala apeza kuti chithokomiro cha mwana wanu wamkazi wa masabata atatu chili kutsinde kwa lilime m'malo mwa pakhosi, ndiponso kuti sichikutulutsa mahomoni okwanira. Mwafunsa ngati munalakwitsa kanthu muli woyembekezera, komanso ngati kanthuko kayenera kuchotsedwa.

Simunalakwe. Mwa munthu aliyense chithokomiro, chiwalo chimene chimatulutsa mahomoni othandiza thupi ndi ubongo kukula, chimayambira kutsinde kwa lilime mwana akungoumbika kumene m'mimba, kenako chimatsika pang'onopang'ono, ndipo pofika sabata lachisanu ndi chiwiri chimakhala chakhazikika kutsogolo kwa khosi. Mwa ana ena ulendowu umathera panjira, kawirikawiri popanda wina wa m'banjamo amene anakhalapo ndi vutoli, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri mwa atsikana kusiyana ndi anyamata. Mwana mmodzi mwa ana 2,000 mpaka 4,000 amabadwa ndi chithokomiro chofooka, ndipo kusokera malo kotereku ndi chimodzi mwa zifukwa zake zazikulu.

Pa nkhani yochotsa ndikupempha kuti musafulumire. Mwa ana ambiri otere, kachidutswa ka palilimeko ndiye chithokomiro chokhacho chimene ali nacho, pakhosi palibe china chilichonse. Ngakhale ndi kakang'ono, kamagwirabe ntchito pang'ono, n'chifukwa chake ana ena amaoneka bwinobwino pobadwa ndipo vutolo limadziwika mochedwa, mwana atayamba kupinimbira. Opaleshoni imaganiziridwa ngati kakutsekereza mpweya, kakulepheretsa kumeza kapena kakutuluka magazi, ndipo nthawi zambiri mankhwala amakaphwetsa, chifukwa chimene chimakatupitsa ndi homoni ya TSH imene thupi limachulukitsa pofuna kukakakamiza kugwira ntchito, ndipo mankhwalawo amaichepetsa.

Chimene ndikufuna muikepo mtima ndi kumupatsa levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa homoni ya chithokomiro, tsiku lililonse osadumphitsa, pakuti ubongo wa mwana umadalira kwambiri homoni imeneyi m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo nthawi yotayika pamenepo sibwezeka mosavuta. Phwanyani piritsi pa supuni, lisungunuleni ndi timadontho ta mkaka wa m'mawere kapena madzi, mumumwetse zonse, ndipo muonetsetse kuti palibe ufa wotsalira pa supuniyo. Musalithire m'botolo lodzaza mkaka, popeza akapanda kumaliza ndiye kuti mankhwala atsalanso. Musaliperekenso nthawi imodzi ndi mankhwala a ayironi, a kashiamu kapena mkaka wa soya, chifukwa zimenezi zimalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'magazi.

Mlingo umasintha mwana akamakula, choncho kuyezetsa magazi a TSH ndi T4 (homoni imene chithokomiro chimatulutsa) kudzakhala pafupipafupi m'chaka choyamba. Mukaona kuti akugona mopitirira muyeso mpaka kumudzutsa kuti ayamwe, akudzimbidwa, chikasu sichikutha kapena akulira ndi mawu osasa, musadikire tsiku limene anakulemberani, bwererani kuchipatala. Popeza chithokomiro chosokera sichidzatsikanso, mankhwalawa adzamwa moyo wake wonse, koma ana amene ayamba msanga chonchi amakula ndi kuphunzira ngati anzawo.