Misozi Ikungotsika Ndisakulira

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 58. Kwa miyezi 6 tsopano diso langa lakumanzere likungotuluka misozi, ndipo m'mawa ndimadzuka lili ndi manthongo. Kuchipatala andiuza kuti ndibwerenso akayeze njira ya misozi. Ndikuchita mantha. Kodi akandibaya m'diso?
— Mayi wodandaula

Yankho: Mayi, mtima m'malo, palibe amene akakubayeni m'diso.

Tengani kalilole, mukoke pang'ono chikope cham'munsi chakufupi ndi mphuno. Muona kabowo ngati kobooledwa ndi singano, ndipo kena kali pachikope cham'mwamba. Misozi imalowa m'timabowo timeneti, n'kudzera m'kathumba kamene kali m'mbali mwa mphuno, kenako n'kutsikira m'mphunomo. N'chifukwa chake munthu akalira amaminanso. Njirayi ikatsekeka, misozi imasefukira patsaya.

Ineyo ndimayamba ndi chala. Ndimasindikiza pakathumbako, ndipo mafinya akabwerera m'diso ndimadziwiratu kuti kumunsi kwatsekeka. Manthongo anuwo akundiganizitsa zimenezi.

Kenako timadonthezera mankhwala achikasu otchedwa fluorescein m'maso onse awiri, n'kudikira mphindi 5. Tikaunika ndi getsi labuluu, diso labwino limakhala litayera, pamene lotsekekalo limakhala lidakali ndi kadziwe kobiriwira m'mphepete mwa chikope. Sizipweteka n'komwe.

Chimene anthu ambiri amaopa ndi kutsuka njirayo. Timayamba tathira mankhwala ochititsa dzanzi. Kachubu kamene timalowetsa pakabowo n'kobuntha, sikakhudza diso lenilenilo, ndipo timapopera madzi amchere pang'onopang'ono. Apa ine ndimangoyang'ana pakhosi pa wodwala. Akameza n'kunena kuti, "Ndikumva mchere kukhosi," ndiye kuti njira ndi yotsegula. Madziwo akabwerera pakabowo kam'mwamba, yatsekeka. Mumamva kuzizira ndi kukankha pang'ono, basi.

Njira ikapezeka yotsegula musadabwe. Diso louma nalonso limatulutsa misozi yambiri likamathetha, chimodzimodzinso nsidze yopindikira m'kati kapena chikope cholobodoka. Koma ikakhala yotsekeka, kwa munthu wamkulu mankhwala odonthezera saitsegula. Pamafunika opaleshoni yotchedwa DCR, yopanga njira yatsopano kuchoka pakathumbako kulowa m'mphuno.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: pakona pa diso pakatupa, pakafiira ndi kuwawa, makamaka thupi likatenthanso, musadikire tsiku limene anakupatsani. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.