Kasinja ali ndi chiyani? Yankho kwa achimwene a ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni. Akuti alamu awo akubwera kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi, ndipo awalonjeza kuwagulira kit imodzi kapena ziwiri, tizifanizo tapulasitiki ta ndege, galimoto kapena akasinja tolumikiza ndi kupenta wekha. Iwo mtima uli pa ndege, koma akatsegula YouTube ndi magulu a pa Facebook akuona anthu ali kalikiliki ndi akasinja. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi kasinja ali ndi chiyani? Kapena anthuwa amangokonda nkhondo?"

Achimwene, zikomo polemba. Poyamba dziwani kuti okonda ndege alipo ambirimbiri. Kampani ya Airfix ya ku Britain yakhala ikugulitsa ndege yankhondo ya Spitfire ya sikelo ya 1/72 (kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 72 a kutalika kwa yeniyeni) kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo anthu ochuluka anayambira pamenepo. Komabe zimene mwaonazo n'zoona: munthu akangolawa kasinja, nthawi zambiri sabwerera. Ine ndine mmodzi wa iwo.

Chifukwa chachikulu n'chakuti kasinja amakhululuka. Thupi la ndege limabwera lili mbali ziwiri, ndipo mukazimata pamatsala mzere kuchoka kumphuno mpaka kumchira, umene muyenera kuutseka ndi putty (phala lomatira ming'alu) n'kupalapala ndi sandipepa mpaka usowe. Kenako pali galasi la pamene amakhala woyendetsa: guluu akangodontherapo pang'ono, layera ngati nkhungu, basi. Galimoto ndiye imavuta kuposa pamenepo, chifukwa imafuna penti yonyezimira ngati kalilole. Kuno ku Blantyre penti yotere ili ndi adani awiri. Mu Okutobala ndi fumbi, mu Juni ndi Julayi ndi chiperoni, pakuti chinyezi chimachititsa penti yopopera kuuma yotuwa. Ndinapentapo galimoto yofiira ya 1/24 masana ena otentha, zenera lili lotseka ndithu, koma pofika madzulo denga lake linali litadzaza tizinyalala. Ndinaipala n'kuyambiranso kawiri, ndipo zinandiwawa, chifukwa penti yake ndinaidikira miyezi iwiri.

Kasinja safuna kunyezimira. Chitsulo cha weniweniyo chinali chokakala, chowotcherera mothamanga, chokandika ndi mitengo ndi miyala. Pamene dzanja lanu laterereka, matope adzakwirira, ndipo woona adzati n'zimene zinayenera kukhala.

Koma musaganize kuti matopewo ndi obisira zolakwa chabe. Kwa ambiri a ife, pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse. Kulumikiza kumatha masiku atatu kapena anayi, koma kudetsa kasinja kuti aoneke kuti wayenda, wavumbidwa, wapsa ndi dzuwa, kumatha milungu. Ndipo ntchito imeneyi ife a kuno tinaiphunzira ndi maso tisanaone n'komwe kit. Pitani ku magalaja a ku Ndirande mukaime pafupi ndi lole yomwe yakhala pamiyala zaka zitatu. Onani mmene dzimbiri limayambira pa bawuti n'kutsetsereka pansi motsata njira ya madzi a mvula. Onani matipa onyamula mchenga: fumbi limakhala pamalo athyathyathya ndi m'makona, pamene pogwira anthu ndi poponda pamakhala poyera, chitsulo chikuwala. Mafuta otayikira pa chitsekero cha thanki amakoka fumbi n'kusanduka banga lakuda. Matope a dzulo ndi otuwa, a lero ndi oderapo, ndipo pa thayala limodzi mumapeza onse awiri. Zimenezi palibe pepala la malangizo lingakuuzeni.

Zipangizo zake zambiri simudikira alamu. Dothi lofiira la mumsewu wa ku Thyolo, louma bwino ndi losefa, mukalisakaniza ndi guluu woyera wa akalipentala ndi madzi pang'ono, ndi matope enieni. Pensulo wamba mukaikhula m'mphepete mwa matcheni imaonetsa chitsulo chotha. Choko cha mitundu chopera ndi fumbi. Kachidutswa ka siponji koviika mu penti yoderapo kamapanga mabala a penti yosupuka. Masiku ano pamene chilichonse chochokera kunja chikukwera mtengo, ichi si chinthu chaching'ono.

China ndi kukula kwake. Akasinja ambiri amabwera pa sikelo ya 1/35, ndipo mbiri yake imandisangalatsa. Mu 1961 kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, Japan, inatulutsa kasinja wa Germany wotchedwa Panther, woyenda ndi kamota. Anamupanga wamkulu mongokwanira mabatire awiri m'mimba mwake, ndipo atayeza anapeza kuti ndi gawo limodzi mwa magawo 35 a weniweni. Makampani ena monga Italeri, Dragon, Academy ndi Zvezda anatsata pomwepo. Tiger I, kasinja winanso wa Germany, yemwe pamodzi ndi mzinga wake anali wotalika mamita 8.45, amabwera masentimita 24, ndipo msilikali amakhala pafupifupi masentimita 5. Zidutswa zake zala zimagwira, ndipo asilikali, zigubu, mabokosi ndi njinga za makampani osiyanasiyana zimagwirizana, moti pa kathabwa kamodzi mutha kufotokoza nkhani yathunthu. Yerekezani ndi ndege ya Lancaster: ngakhale pa 1/72 mapiko ake amatambalala masentimita 43. Nyumba zathu za lendi zilibe malo otere, ndipo tsiku losamuka mapiko ndi amene amayamba kuthyoka.

Palinso ufulu wa penti. Kuyambira mu Febuluwale 1943 akasinja a Germany ankatuluka m'fakitale ali achikasu chodera, ndipo asilikali ankapatsidwa penti yobiriwira ndi yofiirira kuti akapake okha kunkhondo komweko, ena akusungunula ndi petulo, ena ndi madzi. Choncho panalibe awiri ofanana. Sherman wa America anapangidwa oposa 49,000, T-34 wa Soviet Union oposa 80,000, ndipo anasinthidwa kambirimbiri, moti munthu atha kumanga Sherman yekhayekha moyo wake wonse.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe sindikufuna kulilumpha. Kasinja ndi chida chophera anthu, ndipo chiyambire pa 15 Seputembala 1916, pamene Britain anamulowetsa koyamba m'nkhondo ya ku Somme, ku France, ntchito yake ndi yomweyo. Ife sitili kutali ndi mbiri imeneyi. Agogo a dziko lino, m'gulu la King's African Rifles, anamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944, ndipo chipilala cha gululi chili ku Zomba. Ndikamamata mipando ya mkati mwa Sherman ndimaona mmene amuna asanu ankapanikizanira m'chitsulo chotentha, zipolopolo zili m'mbali mwawo, potulukira pali pang'ono. Sizinandipangitsepo kusirira nkhondo. Zimandikhazika chete.

Kasinja nayenso ali ndi potopetsa, ndipo ndi kumapazi. Tiger I woyambirira ali ndi mawilo 48 olowanalowana, ndipo tcheni cha mbali imodzi chili ndi mfundo 96, zimene m'makit ena mumadula ndi kumata imodziimodzi. Musayambire pamenepo. Auzeni alamu akugulireni Tamiya ya 1/35 yokhala ndi matcheni a labala obwera athunthu, monga M41 Walker Bulldog kapena T-34. Awonjezere guluu wamadzimadzi wa pulasitiki, penti ya acrylic yobiriwira, yakuda ndi yofiirira, maburashi awiri, ndi kampeni kakuthwa. Ngati akubwera pa ndege asatenge penti yopopera ya m'zitini, chifukwa saloleza. Ndipo popeza anati imodzi kapena ziwiri, yachiwiriyo ikhale Spitfire yanu ija. Muisunge m'bokosi mpaka kasinja atatha, manja atazolowera guluu ndi sandipepa, kenako muitsegule. Mukafika pa matope mundilemberenso, ndikuuzeni kasefedwe ka dothi.