Za mafunso aja anawafunsa azakhali ku chipatala

Asuweni, uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa kuti mafunso amene anamwino anawafunsa azakhali ku kiliniki ya mtima, onena ngati ali ndi munthu wowamvetsera, ndi a chiyani. Koma inu ndimakudziwani, mukafunsa mofatsa chonchi ndiye kuti nkhani yakukhudzani, ndipo chimene mukufuna kumva n'chakuti kodi achipatala akuganiza kuti mayi anu mwawataya.

Ayi, sakuganiza choncho. Mafunso otere amafunsidwa kwa odwala mtima ambiri. Ena odziwika ndi 7 okha, ochokera pa kafukufuku wa ENRICHD ku America, amene anatsatira odwala 2,481 omwe mitsempha ya mtima inali itatsekekapo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2003. Amafunsa ngati pali wokumvetsera, wokulangiza, wokuonetsa chikondi, wokuthandiza ntchito za tsiku ndi tsiku. Palinso ena 12, a mu 1988, amene amasiyanitsa chithandizo cha achibale, cha anzako ndi cha munthu wapamtima.

Ee... mukukumbukira abambo aang'ono, amalume anu aja, atatuluka m'chipatala? Pakhomo sipankasowa munthu, ndipo aliyense ankachoka akunena kuti akuoneka bwino. Ine ndinkagona chipinda choyandikana nawo. Usiku ndinkawamva akudzuka n'kukhala pampando mpaka kucha, chifukwa akagona chagada mpweya unkabanika, miyendo ili yotupa moti nsapato zinakana. Mapiritsi okodzetsa aja ankawadumpha tsiku limene kwabwera alendo, poopa kumangodzukadzuka pamaso pa anthu. Kenako anandiuza... ayi, sanauze ine, anauza anamwino ine nditaima pakhomo, kuti ankaopa kugona poganiza kuti sadzukanso, ndipo analibe womuuza, popeza aliyense wobwera ankafuna kuwaona akuseka. Tikanafunsidwa ifeyo tikanayankha kuti chithandizo ali nacho chochuluka, koma iwo akanayankha zina.

Ndiye apa ndi pamene ndimafuna kufika. Mafunso aja sawerenga anthu amene amabwera kudzazonda matenda. Amayeza ngati wodwalayo akuona kuti ali ndi womudalira pamene zinthu zavuta. Madokotala amafuna kudziwa zimenezi chifukwa wodwala amene akudzimva kuti ali yekha amafooka pa kumwa mankhwala ndi kubwerera ku chipatala, ndipo nkhawa yakeyo imaulemetsa mtima.

Choncho si inu amene mukuyezedwa, asuweni, ngakhale ndikudziwa kuti mumafuna kukhoza mayeso alionse. Akuyeza mmene azakhali akumvera, osati kuchuluka kwa maulendo anu. Ulendo wotsatira, anamwino akayamba mafunso amenewa, tulukani panja ndipo musawayankhire ngakhale funso limodzi, chifukwa yankho lofunika ndi lawo, loperekedwa popanda mwana wawo kuwayang'ana kumaso.