Yankho kwa mphwanga pa funso la chipembedzo choona

Mphwanga, ndaliona funso limene waika pagulu lathu la banja usiku wathawu, ndipo ndasankha kukuyankha ndi mawu apakamwa, chifukwa nkhaniyi ndi yolemera kuposa zimene ndingalembe ndi chala pafoni. Wafunsa ngati pali chipembedzo chimodzi chimene chingaimirire n'kunena kuti ndicho choona, ndipo ndikudziwa kuti funsoli labadwa chifukwa cha mawu amene ena mwa ife akhala akulankhula chikwatiwire mlongo wako ndi mnyamata wachisilamu wa ku Mangochi, akuti mwanayo watayika.

Ndiyambe ndakuuza pamene ine ndaima, kuti usandiyese munthu wopanda mbali. Ndine Mkhristu, ndinabatizidwa mu CCAP, ndatumikira ngati mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti Yesu anafa ndi kuuka chifukwa cha ine. Sindingakuuze kuti zipembedzo zonse zimanena chinthu chimodzi, pakuti kutero kungakhale kukunamiza iwe, komanso kupeputsa Asilamu eni ake. Ife timati Yesu ndi Mwana wa Mulungu ndipo anapachikidwa pamtanda. Iwo amamulemekeza ngati mneneri Isa, mwana wa Mariyamu, koma savomereza kuti Mulungu ali ndi mwana, ndipo savomerezanso kuti anapachikidwa. Mawu awiriwa sangakhale oona onse pamodzi. Choncho chipembedzo chili ndi ufulu wonena kuti chili ndi choonadi, ndipo munthu amene amapembedza zimene iye mwini sakuziyesa zoona akungotaya nthawi yake.

Koma kukhulupirira n'kwina, kumutsimikizira mnzako mpaka atasowa chonena n'kwinanso, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo. Tadzifunsa chifukwa chake banja lathu ndi la CCAP. Kodi agogo athu anakhala pansi n'kusanthula zipembedzo zonse za padziko, kenako n'kusankhapo chimodzi? Iyayi. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anamanga ku Mvera mu 1889, pambuyo pake n'kufika ku Nkhoma, ndipo sukulu yoyamba imene agogo anaiona m'mudzi mwathu inali yawo. Agogowo akanabadwira kufupi ndi Nzama ku Ntcheu, kumene ansembe a Montfort anafika mu 1901, kapena ku Mua, kumene a White Fathers anakhazikika mu 1902, bwenzi lero tonse tikupemphera kolona. Akanabadwira pachilumba cha Likoma, bwenzi tili Aanglikani. Akanabadwira kwa Makanjira, kwa Mponda, kapena ku Nkhotakota kwa Jumbe, kumene Chisilamu chinali chitafika kale a Livingstonia asanaponde ku Cape Maclear mu 1875, bwenzi tikupita kumzikiti Lachisanu lililonse, ndipo mtima womwewu umene umandiuza kuti ndili m'choonadi ukanandiuza zomwezo kumeneko. Zimenezi sizitanthauza kuti chikhulupiriro changa n'chabodza, chifukwa munthu akhoza kubadwira pachitsime cha madzi abwino osachikumba yekha. Zikutanthauza kuti kutentha kwa mtima wanga si umboni umene ndingamugonjetsere mlamu wako, popeza nayenso wake ukutentha chimodzimodzi.

Usaiwalenso kuti makolo athu sanali anthu osadziwa Mulungu amishoni asanabwere. Ankamutcha Chauta, Namalenga, Mphambe, ankapempha mvula ku Msinja kwa Makewana, ndipo ku Nsanje kachisi wa Mbona ku Khulubvi alipo mpaka lero. Omasulira Baibulo atafuna dzina la Mulungu m'chinenero chathu, anatola mayina amene anawapeza kale m'kamwa mwa makolowo. Ine ndimaona pamenepa kuti ngakhale iwo amene anabwera ali otsimikiza kuti anyamula choonadi anavomereza kuti kuno kunali kale kuwala kwina, ngakhale kunali kosakwanira m'maso mwawo.

Kuchuluka kwa anthu nakonso sikugamula mlanduwu. Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, ndipo ena pafupifupi 14 ndi Asilamu. Aliyense wa ife, akatuluka pakhomo la tchalitchi kapena mzikiti wake, amapeza kuti amene sapemphera naye ndiwo ambiri.

Chimene chimandiopsa kwenikweni, mphwanga, ndi pamene munthu wachoka pa mawu akuti "ndili m'choonadi" n'kufika pa mawu akuti "mnzangayu alibe phindu". Iwe unali usanabadwe, koma ife a msinkhu wanga tinaona zimene zinawagwera a Mboni za Yehova. Boma linawaletsa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo mu 1972 anamenyedwa, anawotcheredwa nyumba, anachotsedwa ntchito, ambirimbiri n'kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Muzu wa nkhanzazo unali ndale, ndikuvomereza, koma ambiri a ife opemphera tinatseka pakamwa, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa mumtima tinkati amenewo ndi ampatuko, zawo zimenezo. Ziphunzitso zawo sindigwirizana nazo mpaka lero, koma kukhala chete kuja kumandipwetekabe ndikakumbukira. Tsono yerekeza ndi chaka cha 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija ya pa 8 Malichi, pamene Akatolika, a CCAP, Aanglikani ndi Asilamu anakhala pamodzi m'bungwe la Public Affairs Committee kukakambirana ndi boma za tsogolo la dziko lino. Palibe shehe amene anasiya Chisilamu chake, palibe m'busa amene anasiya mtanda, koma ntchito inagwirika.

Ndiye yankho langa ndi ili. Inde, chipembedzo chikhoza kunena kuti ndi choona, ndipo ine ndimanena zimenezo za Khristu popanda manyazi. Ndingachitire umboni aliyense wofuna kumva, ndingatsutsane naye mwaulemu, ndingamupempherere. Chimene ndilibe ndi mpando wa woweruza, woti ndikhalepo n'kulengeza pagulu la banja kuti mwana wa mlongo wanga watayika, ngati kuti ndinalowa mumtima mwake kapena ndinaona m'buku la moyo. Asilamu nawonso ali ndi chiphunzitso chakuti m'chipembedzo mulibe kukakamizana, ndipo ndikuyembekeza kuti kuchimuna kwake adzamuchitira molingana ndi mawu amenewo, monganso ife tiyenera kuleka kumukoka ndi misozi ndi zitonzo.

Amayi ako ndalankhula nawo m'mawa uno, ndipo mtima wawo ndi wosweka, choncho usawayankhe mwaukali akalembanso pagulupa. Mwezi ukatha ine ndinyamuka kupita ku Mangochi kukaona mlongo wakoyo ndi kukadziwana ndi apongozi ake, ndipo ndikufuna upite nane. Undiuze Loweruka limene udzakhale womasuka kuntchito kuti ndiwadziwitse nthawi ikadalipo.